Lembani kaye, kuimba ndiimba ndine

Nambala yanga ili m'mafoni a abambo ambiri amene sindinawaonepo nkhope. Umu ndi momwe geni yathu ikuyendera masiku ano. Wina amene ndinakumana naye ku Bwandilo amapatsa mnzake wa kuntchito, mnzakeyo amapatsa mlamu wake, kenako tsiku lina foni imangolira, nambala yachilendo. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Kawale, ndipo ndalama ya lendi, ya ufa ndi ya fizi ndimaipeza pogona ndi abambo amene amandilipira. Sindikulemba kuti wina andimvere chisoni kapena andilalikire. Ndikulemba chifukwa pali kanthu kamene abambo ambiri amakaona ngati kopanda pake, chonsecho kwa ife ndi pamene timayezera ngati tibwerere kunyumba tili bwinobwino. Kanthu kake ndi momwe munthu amatifikira koyamba pa foni.

Maganizo anga ndi akuti ngati sitinakumanepo, lembani uthenga kaye. Ndikauwerenga n'kuona kuti ndi nkhani yoti tingapitirize, ndikuimbirani ndine, kapena ndikuuzani nthawi yoti muimbe. Si anzanga onse amene amagwirizana nane, ndipo zifukwa zawo ndizinena, poti n'zomveka.

Kale foni inalibe mphamvu chonchi. Munthu unkamuona ndi maso pa bala, ku Devil Street kapena ku Chigwirizano. Unkaona mayendedwe ake, mabotolo amene wamwa, anzake amene wakhala nawo, ndipo woperekera mowa ankatha kukutsina khutu kuti uyo usapite naye, anamenya mnzako sabata yatha. Zinthu zinatembenuka nthawi ya Covid-19. Mu Januwale 2021 boma linalamula kuti mabala azitseka 8 koloko usiku, ndipo bungwe la amayi a geni yathuyi, la Female Sex Workers Association, linatsogolera amayi kuyenda mumsewu kuno ku Lilongwe kukapereka madandaulo, poti nthawi imene mabala ankatseka ndi yomwe ntchito yathu imayamba. Miyezi imeneyo ambiri tinaphunzira kudalira foni, makasitomala nawo anazolowera, ndipo mabala atayambanso kuchezera chizolowezicho sichinathe. Chimene tinataya ndi maso aja ndi chenjezo la woperekera mowa. Zonse zimene ndinkaziona nditakhala pa kauntala, lero ndiyenera kuzitola m'mawu ochepa a munthu amene sindikumuona.

Chifukwa chimodzi chimene ndimafunira uthenga n'chapafupi. Inu mukamaimba mumakhala mutasankha malo anu, mwakhala m'galimoto mwatseka magalasi, kapena mwatuluka panja pa ofesi. Ine simunandisankhire malo. Mwina ndili m'minibasi yochokera ku depoti, ndapanikizana ndi amayi a kumpingo kwathu. Mwina ndili pa mzere kuchipatala ndi mwana, kapena ndili kumaliro, ndakhala pamphasa pakati pa azakhali. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri, khoma lapakati silifika kudenga, ndipo mwana wanga wamkulu ali Sitandade 7, amamva chilichonse ndipo amamvetsa. Tsono munthu akuimba, mawu okweza, funso loyamba n'lakuti "usiku wonse ndi zingati?" Ndiyankhe bwanji pamenepo? Ndimangoti mwalakwitsa nambala, n'kudula. Iye amapsa mtima, kuimbanso, kuimbanso, mapeto ake kutukwana kuti ndine wamatama. Akanalemba, ndikanamuyankha bwinobwino nditatsika minibasi. Uthenga umandidikira mpaka nditakhala pandekha, ndipo ndimayankha mtima uli m'malo.

Uthenga woyamba uli ngati odi pakhomo pa eni. Palibe amene amafika n'kungokankha chitseko. Umaima, umati odi, umanena kuti ndiwe ndani, eni ake n'kukuuza kuti lowani. Sindifuna kalata yaitali. Wabwino umamveka chonchi: "Mwaswera bwanji asisi. Nambala yanu wandipatsa ndi mnzanga amene munakumana naye ku Area 47 mwezi watha. Ndikufuna tionane Lachisanu cha m'ma 7 madzulo, kwa maola awiri, ku loji ina ku Area 3. Ndiuzeni ngati muli ndi mpata, komanso mtengo wanu." Basi. M'mizere yochepayi wandipatsa moni, wanena tsiku, nthawi ndi malo, ndipo mtengo wasiyira mwini wake. Choposa zonse, wanena kumene wachotsa nambala, zimene zimandipatsa mpata wofunsa amene wamupatsayo kuti kodi munthuyu ndi wotani, amamwa motani, amalipira kapena amazemba.

Koma ambiri amene amafika ndi "Hi". Ndikayankha, "Bho?" Ndikayankhanso, "Uli pati?" Ola lathunthu latha, bandulo ikudyeka, sindikudziwabe chimene akufuna. Ena amayamba ndi iwe, munthu sanandionepo, mwinanso ndine wamkulu kwa iye. Pakati pa odziwana palibe vuto, makasitomala anga akale timaitanana choncho. Koma mlendo akayamba ndi "iwe hule", kapena kungoti "zingati" wopanda ndi moni womwe, ndimadziwiratu mmene adzandigwirire chitseko chikatsekedwa. Sindinakumanepo ndi munthu wachipongwe pa foni amene anakhala waulemu m'chipinda. Enanso amatumiza chithunzi cha maliseche awo asananene ndi dzina lomwe. Amenewo ndimabuloka osayankha. Foni yanga ana amaibwereka kuti aonere makatuni, ndipo chithunzicho palibe anachipempha.

Ndiye pali kufulasha. Tonse timadziwa tanthauzo lake: ndilibe mayunitsi, imba ndiwe. Akafulasha amayi ako kumudzi, umaimba mwachangu. Koma bambo amene akufuna nthawi yanga, n'kufulasha 1 koloko usiku kuti ndiwononge mayunitsi anga kumusakasaka, wandiuziratu kuti pa ndalama tidzavutana. Wobisa nambala ndiye sindimuyankha n'komwe. Foni ikalemba kuti private number ndimaisiya ilire, ngakhale m'nyumba mutakhala kuti mulibe ufa. Munthu amene akufuna kudziwa pamene ndili koma sakufuna kuti ndidziwe nambala yake ali ndi chifukwa, ndipo chifukwacho sichingakhale chondikomera.

Chimene ndimachiganizira kwambiri ndi umboni. Mikangano yambiri ya m'chipinda imayambira pa zinthu ziwiri, ndalama ndi kondomu. Pakamwa munagwirizana mtengo, mukafika akuti sananene choncho. Munagwirizana kondomu, mukafika akuti awonjezera kangachepe kuti zikhale puleni, ndipo ukakana nkhope imasintha, mawu amasintha, dzanja limayamba kulimba. N'chifukwa chake ine ndimalemberatu tisanakumane: mtengo ndi uwu, ndalama ndilandira tisanayambe, za kondomu sitikambirana, ndipo tikhala anthu awiri basi. Ndimadikira kuti alembe yekha kuti wavomera. Akayamba kuzungulira, kuti zimenezo tikambirana tikaonana, ndimamusiya pomwepo. Ndi bwino tisemphane ndili kwathu ku Kawale kusiyana n'kusemphana chitseko chili chokhoma, kiyi ali m'thumba mwake, mlonda wa pa geti wapatsidwa kale ya fanta kuti asamve kanthu.

Ndisananyamuke, mauthenga aja ndimawatenga screenshot n'kutumizira mnzanga amene timayang'anirana, pamodzi ndi nambala ya munthuyo ndi dzina la loji. Akabwera pa galimoto ndimawonjezera nambala ya galimoto ndisanakwere. Ndimachita msanga chifukwa pa WhatsApp munthu amatha kufufuta zimene walemba mbali zonse ziwiri, ndipo ena amatchera kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24. Sindiwaimba mlandu, ambiri akuopa kunyumba. Koma ine ndiyenera kutsala ndi changa m'manja. Ndikakhala ndi bandulo ndimayatsanso live location kuti mnzangayo aziona pamene ndili. Imatha kuyenda mpaka maola 8, ndiye imafikitsa m'bandakucha. Timapangana nthawi yoti andiimbire, ndipo tili ndi mawu athu, omveka ngati nkhani ya ana, amene ndikawatchula amadziwa kuti zinthu sizili bwino ndipo auyambe ndi kabaza. Kasitomala ndimamuuza poyera kuti mnzanga akudziwa kumene ndili. Wabwino sadandaula, ena amachita kuyamikira. Amene wakwiya nazo ndimamusiya pa geti pomwepo.

Zaka za m'mbuyomu umboni wotere ukanangokhala m'foni, poti kupita kupolisi kunali kudzipereka wekha. Anzathu achikulire amakumbukira za ku Mwanza mu 2009, pamene amayi 11 anagwidwa, kuyezedwa magazi mokakamizidwa, zotsatira zake n'kulengezedwa poyera m'khoti. Bwalo lalikulu ku Blantyre linadzagamula mu 2015 kuti zimenezo zinaphwanya ufulu wawo. Mu 2016 amayi 19 anagwidwa ku Dedza n'kulipitsidwa chindapusa pa mlandu wodya ndalama zochokera mu uhule, koma chaka chomwecho Justice Zione Ntaba, ku bwalo lalikulu la Zomba, anafafaniza chigamulocho. Anafotokoza kuti gawo 146 la malamulo a milandu linaikidwa kuti lilange anthu odyera masuku pamutu amayi ngati ife, osati mayi amene akudya thukuta lake. Mu Januwale 2017 khoti linathetsanso gawo la lamulo la vakabu limene amayi ambiri ankagwidwira usiku, pa mlandu umene anaupititsa kukhoti ndi bambo wina wogulitsa majumbo ku Blantyre. Nkhanza sizinathe, ndipo pali amayi amene mpaka lero akafika pa kauntala ya polisi amayamba anyozedwa asanamvedwe. Komabe mayi amene wamenyedwa kapena kuberedwa angathe kupita ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, atanyamula nambala, tsiku, nthawi ndi mawu amene munthuyo analemba ndi zala zake. Chiyambire 2018 simu khadi iliyonse iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso, ndiye nambala ili ndi mwini wake. Palinso lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limene limaletsa kuopseza kapena kuzunza munthu kudzera pa foni ndi pa intaneti. Zonsezi zimagwira ntchito ngati pali cholembedwa. Zimene munalankhulana pakamwa aliyense amazikumbukira momukomera.

Tsopano za anzanga amene amati ayi, aimbe basi. Mnzanga wina amene tinayambira limodzi anasiyira sukulu ku pulayimale kwawo ku Ntcheu, ndipo kuwerenga kumamuvuta, makamaka abambo akamalemba Chingerezi chodula mawu. Kwa iye uthenga ndi mtolo, ayenera kusaka womuwerengera, ndipo womuwerengerayo wadziwa zonse za m'nyumba mwake. Ena ali ndi foni ya mabatani yopanda WhatsApp, ndipo magetsi akazima amakaisiya pa kabenchi kotchajitsa pa msika, pamene mnyamata wotchajayo amatha kuwerenga chilichonse chimene chalowa. Mayi wotere akanena kuti sakufuna zolembedwa m'foni mwake, akunena zoona zake.

Koma mfundo yaikulu ya mnzanga uja ndi ina, ndipo pa imeneyi ndimamuvomereza ndi mtima wonse. Uthenga angalembe aliyense. Angalembe mayi amene wapeza nambala m'foni ya mwamuna wake, n'kukuitanira pamalo pamene akukudikira ndi azibale ake. Angalembe anyamata atatu amene akufuna foni yako ndi kachikwama kako. Angalembe yemwe uja anakupotokola mkono chaka chatha, wagula nambala yatsopano. Angalembe mnyamata wa Fomu 2 amene waba ndalama ya bambo ake. Zala sizionetsa msinkhu, sizionetsa mowa. Ndiye inenso sindipita kwa munthu amene sindinamve mawu ake. Pamene timasiyana ndi mnzangayu ndi pa dongosolo chabe: ine ndimafuna kuwerenga kaye, kumva pambuyo, ndipo nthawi yoimbayo ndisankhe ndine.

Ndikaimba sindichedwa, mphindi ziwiri zimakwana, koma khutu limakhala pa ntchito. Ndimamvetsera ngati lilime lalemera ndi mowa. Ndimamvetsera kumbuyo kwake, chifukwa munthu amene analemba kuti ali yekha, kumbuyo kukumveka amuna akuseka n'kumauzana kuti chete, ameneyo wanama, ndipo amene wanama pa chiwerengero cha anthu sindimufunsanso china. Ndimamufunsa zimene analemba kale, kuti ndione ngati loji imene atchule ndi yomwe ija. Ndipo dala ndimakana kanthu kakang'ono. Akati 7 koloko ndimati sindikwanitsa, tipange 8. Pamenepa ndi pamene munthu amaonekera. Wina amati palibe vuto asisi. Wina amayamba kukalipa kuti ndalama ndi yake, ndiyendere nthawi yake. Ngati sangathe kumva ayi wa ola limodzi pa foni, sadzamva ayi wanga m'chipinda. Mawu akamveka achibwana ndimafunsa zaka, ndipo ndikakayika ndimadula. Mwana wa eni sindimulandira ngakhale atabwera ndi ndalama zotani. Nthawi zina mawuwo amakhala oti ukuwadziwa, a munthu wa kumudzi kwanu kapena wa kumpingo amene sakudziwa kuti dzina la geni limene wapatsidwa ndi lako. Kumva mawu kumapulumutsa nonse awiri ku manyazi amene mukanakumana nawo pakhomo la chipinda.

Choncho bambo amene amalemba bwino koma akukanitsitsa kuti ndimuimbire, nayenso ndimamusiya. Ngati ali pa ntchito kapena ali ndi banja pafupi, angolemba kuti imbani 5 koloko ndikaweruka, ndipo ndidzasunga nthawiyo. Mbali ina kuli amene amaimba kuti angomva mawu a mkazi. Amafunsa zimene wavala, amafuna uwafotokozere zimene udzawachite, mphindi makumi awiri zatha, ndipo tsiku lokumana silifika. Amenewa atenga nthawi yako ulere. Ndikaona kuti nkhani yachoka pa tsiku ndi malo ndimawauza kuti zotsalazo n'za tikakumana.

Kwa mnzanga wa ku Ntcheu uja tinapeza njira ya voice note atagula foni ya WhatsApp. Imadikira ngati uthenga wolemba, imanyamula mawu a munthu, ndipo ungathe kuitumiza kwa mnzako kuti asunge. Ikhale yaifupi, ya moni, tsiku ndi malo, ndipo womvera avale mahedifoni.

Nkhani ya thiransipoti imakwiyitsa abambo ena, koma ili ndi chifukwa. Pali anthu amene amakuitanira ku Area 49 usiku, iwe n'kulipira kabaza wa njinga yamoto ndi ndalama ya ndiwo, ukafika foni yawo yazimitsidwa. Chigwereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wopanda phindu wotere umatanthauza kuti mawa ana apita kusukulu osamwa phala. Ndiye mlendo ndimamupempha kuti atumize ya ulendo pa Airtel Money kapena Mpamba. Amene ali wotsimikiza amatumiza. Ndipo sindikhulupirira uthenga wonena kuti ndalama yalowa, poti akuba amadziwa kulemba uthenga wofanana ndi weniweni. Ndimayang'ana balansi ndekha.

Koma apa pali chinthu chimene chimatiwawa tonse awiri. Ndalama ikadutsa, dzina limene nambala inalembetsedwa limaonekera. Ine ndimaona lake lenileni, iyenso amaona langa, la pa chiphaso, limene anandipatsa agogo anga. Amayi ambiri timagwira ntchito ndi dzina lina kuti titeteze ana ndi makolo, ndipo n'chifukwa chake ena amapereka nambala ya ejenti m'malo mwa yawo. Pali abambo amene akaona dzinalo amathamangira pa Facebook, kupeza achibale ako, n'kuyamba kukuopseza kuti ukakana puleni kapena ukakana kutsitsa mtengo auza achimwene ako. Chimenechi ndi nkhanza yeniyeni, yoposa mbama, chifukwa amayi ena anathamangitsidwa m'nyumba za lendi ndipo ena ana awo analeka sukulu chifukwa chosekedwa. Dzina limene mwaliona pa uthenga wa ndalama si lanu kuti muzilitchula. Ndiitaneni ndi limene ndinakupatsani. Inenso lanu ndimaliona, nthawi zina ndi dzina lodziwika mu mzinda muno, ndipo limathera kwa ine ndi kwa mnzanga mmodzi uja, amene amafufuta ndikangofika kunyumba.

Ulemuwu ndi wa mbali ziwiri, ndipo anzanga achichepere ndimawauza mosabisa. Kasitomala sindimuimbira ine poyamba asanandifune yekha, ngakhale lendi itandithina. Sindimutumizira moni wa m'mawa. Ndikakumana naye ku Gateway Mall ali ndi mkazi wake ndi ana, ndimadutsa ngati sindimudziwa. Mkazi wake akandiimbira, sindimutukwana ndipo sindimuyankha zambiri, chifukwa mayi ameneyo sanandilakwire ndipo ululu wake ndi weniweni. Zimene ndikupempha kwa abambo ndi zomwe ndimawachitira.

Za zithunzi ndinene mwachidule. Kufuna kuona nkhope ya munthu amene mukakumane naye n'komveka, ndipo chithunzi chimodzi nditavala ndimatumiza, inunso mutumize chanu. Zamaliseche ayi. Abambo amati tumizani cha view once, chimatseguka kamodzi kokha, koma foni yachiwiri imajambula chimene chili pa foni yoyamba, ndipo tonse taona zithunzi za amayi zikuzungulira m'magulu a WhatsApp mpaka kufika kwa aphunzitsi a ana awo. Video call yongotulukira osachenjeza sindiyankha.

Anzanga amene amagwira ntchito m'malire, ku Mwanza, ku Dedza ndi ku Mchinji, amandiuza kuti kwawo zimayenda mosiyanako. Makasitomala awo ambiri ndi madalaivala a mathiraki, nambala zoyamba ndi +258, +263 kapena +27, anthu amene manja ali pa chiwongolero ndipo Chichewa cholemba sachidziwa. Amaimba akayandikira, Chishona, Chipwitikizi ndi Chingerezi zosakaniza, ndipo amamvana. Koma ambiri mwa amenewo ndi odziwika kale, amadutsa mwezi ndi mwezi, thiraki yake ndi kampani yake amayi onse a pamalopo amazidziwa. Kwa munthu wodziwika inenso malamulo amafewa. Ngakhale zili choncho, kasitomala wanga amene ndimamulemekeza kwambiri, bambo wachikulire amene tadziwana kalekale, mpaka lero amayamba walemba kuti "ndingaimbe?" Akudziwa kuti ndili ndi ana, ndipo sanaiwalepo.

Pali uthenga umodzi umene sindimangobuloka. Ndi wa bambo amene amalemba kuti ndimupezere kamtsikana ka sukulu, katsopano, adzandipatsa yanga. Umafika kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo olemba ake ena ndi anthu a mataye. Malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la 2015 loletsa kugulitsa anthu limalanga kwambiri wopereka mwana kuti agonedwe. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, ambiri mwa ife tinalowa m'geniyi chifukwa munthu wamkulu wina anatiwononga tili aang'ono, ndipo ine ndili ndi mwana wamkazi. Uthenga wotere ndimausunga, ndimachenjeza amayi a pa gulu lathu kuti nambala iyi ndi ya chilombo, ndipo ndimaimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Akanaimba pakamwa akanadzakana. Poti analemba, mawu ake alipo.

Tikagwirizana zonse, tsiku lokumana kuimba kulibe vuto. Mwafika pa geti, imbani. Mwachedwa pa mzere wa mafuta, imbani kapena lembani, ndisakhale pa loji ndekha mlonda akundiyang'ana. Mwasintha maganizo, nenani msanga ndisanakwere kabaza. Palibe amene angakutukwaneni chifukwa chonena kuti lero sizitheka. Chimene sindilola ndi kusintha malo ndili m'njira, kuti tsopano bwerani kunyumba ina ku Area 25 kapena ndikutengereni pa mphambano. Malo amene mnzanga akudziwa ndi amene ndimapita, akasintha ndimabwerera.

Ndipo pali nthawi imodzi imene ndimafuna foni ilire ola lililonse, ngakhale ndili kumaliro. Ngati mwazindikira tikasiyana kuti kondomu inaphulika, kapena mwapita kuchipatala akupezani ndi matenda opatsirana pogonana, musalembe "Hi" n'kumadikira. Imbani, ndikadula imbaninso, ndipo lembani kuti ndi za chipatala. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito munthu akayamba kumwa pasanathe maola 72, amamwedwa masiku 28, ndipo kuyamba msanga ndiye kothandiza. Ine ndimamwa PrEP, mankhwala odzitetezeratu ku HIV, tsiku ndi tsiku, koma anzanga ambiri samwa, ndipo PrEP sateteza ku chindoko, chinzonono kapena mimba. Ngati mukuchita manyazi kufunsa pamaso pa namwino, Chipatala cha pa Foni chimayankha pa 54747. Mukatero muuzenso mayi wa kunyumba apite akayezetse, chifukwa pa anthu atatufe ndi yekhayo amene sanafunsidwe.